Galimoto Ili m'Dzina la Amayi

Bambo ayala mapu pa tebulo lonunkha nsomba,
ngodya zake apsinja ndi mtovu wa muukonde
kuti mphepo ya m'nyanja isawabere Argentina.
Chala chawo chanyamuka pano pa Antofagasta,
chadutsa Calama mothamanga ngati kuli ngongole,
chapuma pa San Pedro,
kenaka chaima pamene pepala lafiirira.
"Apa m'pamene msewu umaimirira chilili," atero.

Zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu,
ndipo malo okwera kwambiri amene anagonapo
ndi nsanjika yachitatu ya chipatala.
Lero akufuna mamita zikwi zinayi ndi kupitirira,
akaone mlongo wawo Edelmira ku Salta,
amene anakwatiwa kuseri kwa mapiri ine ndisanabadwe.

Ine ndikulemba kuseri kwa bilu ya magetsi:
matayala apadera awiri, osati limodzi.
Madzi. Madzi enanso.
Mafuta tikathire ku San Pedro mpaka pakhosi,
poti kutsogoloko kuli mchere ndi mphepo basi.
Mabulangete, ngakhale pano tikupukuta thukuta.
Bambo akuti ndilembe nsomba zouma za Edelmira.
Ndikuti pa chipata akhoza kutilanda.
Akuti ndiye tikadyera pomwepo, wapolisi akupenya.

Dokotala Urrutia anawagogoda pachifuwa
monga amagogodera bwato lakale asanaligule.
"A Nibaldo, kumtundako mpweya ndi wopimira.
Mukagone kawiri m'munsi, musakathamange,
mutu ukayamba kuimba ng'oma, tsikani."
Pa mawu onsewo, bambo anatolapo amodzi:
sanandikanize.

Vuto tinalipeza Lachinayi, m'chitini cha mabisiketi.
Galimoto ili m'dzina la amayi.
Pa malire adzafuna chilolezo cha mwini wake,
ndipo mwini wake wagona zaka zinayi
kumanda a pamtunda, moyang'ana doko.
Kalaliki wa mandala anatipatsa mapepala asanu ndi limodzi,
akuti tichotse Clorinda, tilembe wina.
Bambo anagwira cholembera
ngati mbedza yawalowa m'chala.
"Ndiye kuti iye sapita nawo?"
Kalaliki anayang'ana wotchi.
Anasaina, dzina likukhotakhota
ngati msewu uja wa pamalo ofiirira.

Usiku umenewo ndinamva chitseko cha galimoto.
Ndinasuzumira: ali pampando wakumanja,
uja amayi ankakhalapo nsapato atavula,
akukoka mpweya pang'onopang'ono, kuwerenga ndi zala,
kuphunzitsa mapapo awo umphawi wa kumapiri.
Sindinawaitane.
Wailesi anaitsegula motsitsa, inkangosokosera.

Tsiku lonyamuka silili m'manja mwathu.
Chipale chikagwa ku Jama, chipata amatseka,
malole amandanda ngati nyerere zosowa una.
Munthu amene ankawerenga mitambo nadziwa kuli nsomba
tsopano m'mawa uliwonse amandikankhira foni:
"Ximena, tafunsa mapiriwo, akuti bwanji lero?"
Akuti mawa. Akuti mwina mkuja.
Chikwama chawo chili pakhomo kuyambira Lolemba,
mphaka wachiyesa bedi.

Edelmira waimba kawiri. Akuti wakalamba,
tikamudziwira diresi lobiriwira.
Bambo akuti akamudziwira mkangano.

Dzulo anandifunsa ngati uli pamwamba penipeni
nyanja imaoneka.
Ndinati ayi, ili kutali kwambiri.
Anakhala chete, akutembenuza mtovu m'dzanja,
kenaka anauponya m'thumba la jekete yapaulendo.

M'mawa uno ndapeza bilu ija pa tebulo.
Pansi pa matayala, madzi ndi mabulangete
awonjezera mzere ndi dzanja lawo lonjenjemera:
Pobwerera,
ndipo patsogolo pake sanalembepo kanthu.
Ndaisiya choncho. Ndapita kukapopa matayala.